Anandiphoda sitima ikugwedezeka

Lolemba, Area 25, Lilongwe

Mwana wanga Chisomo watumiza uthenga wamawu pa WhatsApp m'mamawa, wa mphindi zinayi zathunthu. Zitatu zinali za basi ndi pasipoti. Yomalizayo ndiyo yandisowetsa mtendere tsiku lonse. Akuti m'sitima ya pamadzi imene tikakwereyo mumakhala usiku umodzi woti aliyense amatchena ngati akupita ku ukwati wa mwana wa nduna, amajambulitsa ndi kaputeni, kenako kukadya. "Ndiye Amayi, za Vaseline yekha zija ayi. Mukaphodedwa."

Ine ndili ndi zaka 56. Ndaphunzitsa Sitandade 4 kwa zaka zoposa 30, ndipo ufa umene nkhope yanga imaudziwa ndi wa choko. Paudala ndinadzolapo kamodzi, pa chinkhoswe cha Chisomo yemweyu, ndipo pa zithunzi ndinatuluka mbuu ngati ndaswera ku chigayo. Zithunzizo zili pansi pa sutikesi mpaka lero.

Mwanayu ndi namwino ku Durban, ndipo ulendowu wakhala akulipira pang'onopang'ono kuyambira Malichi. Sitima inyamuka Lolemba likubwerali, ibwerera Lachisanu, ikazungulira ku kachilumba kotchedwa Portuguese Island kufupi ndi Maputo. Sitima imene ndinakwerapo ine ndi Ilala basi, kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma nthawi ya mwera, ndipo za ulendo umenewo ndimakumbukira ndowa yokha. Bambo a Chisomo akana kwamtuwagalu. Akuti Novembala si mwezi woti munthu wa munda ku Mitundu azikayandama pa madzi a mchere, mvula ingagwe iwo ali kutali.

Madzulo ndinapita kwa telala wanga ku Nsungwi. Diresi yatha, ya chitenje cha buluu chokhala ndi timizere ta golide, yofika m'mapazi, ndi duku lake. Yathina pang'ono m'khwapa. Wati ndikatenge mawa.

Lachiwiri, m'tauni

Minibasi inatenga ola ndi theka kuchoka ku Nsungwi kufika mu depoti, chifukwa cha mizere ya galimoto zodikira mafuta imene yadya theka la msewu ku Kanengo. Ndinatsika mutu ukuwawa kale.

Ndinali ndi kapepala kolemba Chisomo: faundeshoni, lipisitiki, pensulo ya nsidze. Shopu yoyamba ku Bwalo la Njobvu, mtsikana anandiyang'ana kumaso n'kutulutsa kabotolo pansi pa kauntala. "Awa Amayi, masabata awiri okha muwala." Mafuta oyeretsa khungu. Ndinamuuza kuti khungu ili ndakhala nalo kuyambira nthawi ya Kamuzu, sindikulisintha chifukwa cha chakudya cha usiku umodzi. Anaseka, koma ndinaona zala zake, m'mfundo muli bii pamene kwina konse kwayera. Ndinamva chisoni, ndi mwana wamng'ono.

Chimene chinandizunguza ndi mitengo. Botolo lomwelo, dzina lomwelo, pena K6,000, pena K18,000. Wa K18,000 akuti lake ndi "orijino". Wa K6,000 akutinso lake ndi orijino. Ndinagula lodulalo poganiza kuti bodza lodula limakhalako ndi manyazi. Mtundu wake ndinayesera kuseri kwa dzanja, mkati mwa shopu, pansi pa babu. Lipisitiki K4,500.

Kenako ndinawoloka mtsinje wa Lilongwe pa timilatho ta matabwa tija, tolipira, kupita ku Tsoka kukasaka nsapato. Ndinapeza zakuda za kachidendene kakafupi ndi kachikwama kogwira m'manja, zonse za kaunjika koma zooneka bwino. Mnyamata wake anayamba ndi K25,000, tinathera pa K14,000, aliyense akudandaula kuti waberedwa.

Madola ndiye sindinawapeze. Malo atatu osinthira ndalama, yankho limodzi. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, munthu ukamatchula dola umachita kutsitsa mawu ngati ukutchula maliro. Chisomo wati ndisavutike, za m'sitima aziona yekha.

Lachitatu, Area 49

Tadala ndinamuphunzitsa ali ndi zaka 9, ankalemba 7 chotembenuza. Lero ali ndi saluni yakeyake, amaphoda akwatibwi pafupifupi Loweruka lililonse. Ndinapita kuti andiyese kaye, ndidziwe chimene chikundidikira.

Anatenga botolo langa la K18,000, n'kudontheza pang'ono pa nsagwada, n'kunditulutsa panja pa dzuwa ndi kagalasi. "Madamu, munayesera pati?" Ndinamuonetsa dzanja. Anapukusa mutu monga ndinkachitira ine akalakwitsa samu. Dzanja ndi nkhope sizifanana mtundu, akuti. Umayesa pa nsagwada, pamene nkhope ikumana ndi khosi, pa kuwala kwa dzuwa, ndipo umadikira mphindi khumi chifukwa ena amada akakhalitsa pakhungu. Langali silinade. Linangotuwa ngati phulusa. Khungu langa akuti pansi pake lili ndi kufiirira, pamene botololi linapangidwira munthu wachikasu. Anasakaniza ndi lake lina lakuda n'kundithirira m'kabotolo kakang'ono kuti ndinyamule.

Ndinamuuza za zithunzi za pa chinkhoswe. Sanadabwe. Anandilowetsa m'kachipinda kosungira matawulo, n'kutseka chitseko, n'kundijambula ndi foni atayatsa fulashi. Paudala wina woyera, akuti, ndi mafuta ena oteteza ku dzuwa, amabweza kuwala kwa kamera. Pamaso umaoneka bwinobwino, pa chithunzi mzukwa. Zaka zonsezi ndinkada wojambula uja, kani analibe mlandu.

Kenako anandiphoda nkhope yonse monga amachitira ndi amake a mkwatibwi. Magetsi anathima ali pakati, tinamalizira pakhonde, ana a sukulu akudutsa n'kumasuzumira. Nsidze anazijambula zakuda, zokwera. Anafuna kundimata zikope zogula zija, ndinakana, ndinati ndikaphethira ndiziulutsa mbale patebulo. Ndalama anakana kulandira yonse, anatenga ya zipangizo zokha.

Ndinakwera kabaza kubwerera kunyumba nkhope ili gwaa ngati yomata ndi dothi. Bambo a Chisomo anali pakhonde akusoka thumba. Anadzutsa mutu, anandiyang'ana, n'kuimirira mwaulemu. "Takulandirani. Mayi a kuno atuluka pang'ono."

Ndinaseka nawo. Koma posamba ndinakhala nthawi pagalasi. Tadala sanalakwitse kanthu, ntchito yake ndi yaukhondo. Kungoti mayi anali pagalasiyo ndikanakumana naye ku Mvano ndikanamupatsa moni wa alendo.

Lachinayi, pa msewu

Tinauzidwa 6 koloko, basi inanyamuka 8 itadutsa. Katundu wa anthu ndi amene anachedwetsa: matumba a ufa, mpunga wa Kilombero, nyemba, zonse zopita kwa abale ku Joni. Ku Dedza kunali kachisanu ndi nkhungu pa phiri. Ndinagula tchipisi cha mbatata ya kachewere tisanadinditse, chotentha, cha mchere wambiri. Kutsidya ku Calomue anthu akuyankhula Chichewa chathu chomwechi, kusiyana ndi ndalama ndi yunifolomu za apolisi basi.

Tikutsetserekera ku Tete kunayamba kutentha kosaneneka. Milambe, mbuzi, matumba a makala m'mbali mwa msewu, mphepo yolowa pa windo ngati yochokera mu uvuni. Zambezi ndinamuona ndi diso limodzi, linalo lili pa chikwama changa, chifukwa nditatsegula kuti nditenge mpango ndinapeza lipisitiki wafewa ngati majarini, wapendekeka m'chitsekerero chake.

Mayi amene ndakhala naye mpando umodzi ndi wa ku Kawale, amapita ku Joni kukaoda zovala ndi mabulangete. Msewuwu amaudziwa ngati njira ya ku bafa. Anaona ndikulimbana ndi lipisitiki uja, sanafunse zambiri, anangotsegula kabokosi kake kosungira zozizira. Munali mabotolo a thobwa woumitsa mu fuliji. "Ikani apa Amayi, ndi kabotolo kanuko. Zimenezi ku Tete sizidutsa zamoyo." Anandigawiranso thobwayo atasungunuka. Ndinamupatsa mango a pakhomo.

Nyamapanda tinafika dzuwa litapendeka, tinachoka kuli mdima. Harare ndinangoona magetsi ake m'tulo.

Lachisanu, Beitbridge

Maola asanu ndi limodzi. Tsika, tsitsa katundu, ima pa mzere, kweza katundu, woloka Limpopo, tsikanso. Mapazi atupa, nsapato za ku Tsoka sindikudziwa ngati zidzalowa. Ndinachita mantha pa windo la South Africa, ngakhale ndikudziwa kuti ife a Malawi sitifunika viza pa ulendo waufupi. Anandifunsa kumene ndikupita, ndinati kukakwera sitima ya pamadzi. Anandiyang'ana ine, chitenje changa, jumbo yanga ya mango, n'kudinda.

Johannesburg usiku. Mayi wa ku Kawale sanandisiye mpaka anaonetsetsa kuti ndakhala pa benchi yoyenera mu Park Station, chikwama chili pamiyendo. Dzina lake sindinafunse n'komwe, tinkangoitanana "Amayi".

Loweruka ndi Lamulungu, Durban

Makilomita ena oposa 500 pa msewu wa N3. Tinapuma ku Harrismith, tinatsika Van Reenen mu nkhungu, ndipo kuyambira Pietermaritzburg makutu anali kutsekeka ndi kutsetsereka. Ife a ku Lilongwe timakhala pamtunda, mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja ya mchere, mpweya wathu ndi wouma. Wa kuno ndi wonyowa, umamata. Ukasamba, podzipukuta thukuta layamba kale. Ndinaganiza za nkhope ya Tadala ija, kuti kuno ingayende yokha kutsikira m'khosi.

Chisomo wanenepa pang'ono, zamukhala. Anandigulira bunny chow, buledi wobowola pakati n'kuthiramo nyama ya msuzi wa tsabola. Ndinadya ndi manja, misozi ili chuchuchu. Lamulungu ndinagona tsiku lonse, ku tchalitchi sindinapite, Mulungu anaona mapazi anga.

Lolemba, m'sitima

Si sitima iyi, ndi Capital Hill yoyandama. Ilala itha kulowa m'mimba mwake n'kusowa.

Polowa anandilanda ayironi. Ndinaibisa pakati pa zovala kuti ndikasitire diresi, makina anaiona. Akuti m'zipinda saloleza chifukwa choopa moto, ndidzaitenga potsika. Manyazi ake! Chisomo anangoti, "Ndinakuuzani Amayi." Sanandiuze.

Aliyense amapatsidwa kakhadi. Ndiko kiyi wa chipinda, ndikonso ndalama, ukagula kanthu amangokagunditsa pa makina, ngongole ikukwera mu madola iwe osamva kuwawa. Tisananyamuke anatisonkhanitsa kutiphunzitsa kovala jekete zoyandamitsa ndi kothawira zikavuta. Anthu ankaseka ndi kujambulana. Ine ndinamvetsera mawu alionse.

Chipinda chathu ndi cha mkati, chopanda windo, ukathimitsa getsi sudziwa ngati kwacha. Diresi taipachika m'bafa kuti nthunzi ya madzi otentha iwongole makwinya.

Chisomo anandikokera ku saluni tisanadye n'komwe, akuti malo a mawa masana amatha msanga chifukwa aliyense akufuna maola omwewo. Tinapeza 4 koloko. Nditaona mtengo ndinagwira kauntala: madola 55, kuwonjezapo ina ya ntchito pamwamba. Pa mtengo wa ku banki wa K1,750 ndi ndalama yoyandikira K100,000, wa pamsewu sindikufuna n'kuwerengera komwe. Ndinamunong'oneza kuti tiyeni tizipita, kabotolo ka Tadala ndili nako, undipaka wekha. Anati iye amadziwa kubaya jakisoni, osati kujambula nsidze. Khadi inalira kuti tii. Bambo ake asadzamve, adzaziwerengera mu feteleza.

Lachiwiri, pakati pa nyanja

Ndinadzuka bedi likupita uku ndi uku. Si mwera wa ku Likoma wokuponya m'mwamba, uku ndi kugwedeza kwa pang'onopang'ono kosalekeza, ngati uli kumbuyo kwa munthu woyenda motsimphina. Chisomo anandipatsa theka la piritsi, akuti lathunthu lingandigonetse mpaka mawa. Wopereka chakudya wina anandibweretsera apozi wobiriwira ndi tiyi wa jinja ndisanapemphe, anangoona nkhope. Anandiuza kuti ndikhale panja ndiziyang'ana kutali kumene madzi akumana ndi thambo. Zinathandizadi.

Tsono pansi ndi pakati pa sitima ndi pamene pamagwedezeka pang'ono. Saluni anaiika pamwamba, chakutsogolo, kumene kumavina kwambiri. Amene anaganiza zimenezo sanaphodedwepo.

Mtsikana wondilandira anawerenga dzina pa khadi, anandiyang'ana, n'kunena pang'onopang'ono, "Muli bwanji, Amayi?" Ndinatsala pang'ono kugwa, ndipo sichinali chifukwa cha mafunde. Ndi wa ku Harare, dzina lake Rutendo, koma agogo ake aamuna anachokera ku Ntcheu, anapita ku Halale kukagwira ntchito ali mnyamata osabwereranso. Mtchona. Chichewa chake ndi cha nkhalamba, chosakanikira Chishona, cha mawu amene ana athu anasiya. Ku Malawi sanafikeko, koma amati "kumudzi". Miyezi isanu ndi iwiri ali pamadzi.

Anandifunsa kuti ndikufuna kuoneka bwanji. Funso limeneli palibe anandifunsapo, ngakhale Chisomo. Ndinamufotokozera za pakhonde paja, za "mayi a kuno atuluka". Anaseka mpaka kugwira mpando. Ndinati, "Mwanawe, chita zimene umachita, koma bambo akunyumba akandizindikire."

Ndinatulutsa kabotolo ka Tadala mwamanyazi, poganiza kuti pa malo a magalasi ngati awa akanyoza. Anadontheza pa nsagwada, ananditengera pa windo, anadikira. Anati amene anasakaniza izi amadziwa ntchito, ndipo mwa mabotolo ake onse panalibe lofanana nane kuposa limeneli. Tadala, ngati ukuwerenga, wamva.

Kusiyana kunali pa kuchuluka. Iye anapaka pang'ono kwambiri, ndi kasiponji konyowa, modinda osati mopaka, pamphumi, m'mbali mwa mphuno ndi pa chibwano, kwina n'kusiya khungu langa lizioneka. Pa timadontho takuda ta m'masaya anayamba waika kanthu kofiirira ngati njerwa, akuti pa khungu lakuda ndi kamene kamabisa, ukaika choyera pamatuwa. Paudala anangogunda pamene pamatuluka mafuta. Akuti pa nkhope ya munthu wamkulu paudala wambiri amakakhala m'makwinya n'kuwaonetsa onse, ngati mizere ya m'munda mvula itakokolola. Nsidze anatsata zanga zomwe, ndi pensulo yabulawuni, osati yakuda. Za m'maso zonse anasankha zosasungunuka ndi madzi, chifukwa cha chinyezi cha kunoku.

Pofika pojambula m'mphepete mwa zikope ndi pamene sitima inayamba misala. Ndinaona mabotolo akusuntha pa shelefu. Rutendo anatangadza miyendo ngati mayi wosinja, chigongono anatsamiritsa pa mpando, kachala kakang'ono anakhazika pa tsaya langa. Ankadikira. Sitima ikapendekera uku, iye duu. Ikafika pamene imaima kaye isanabwerere, mzere umodzi, fyuu. Kenako kudikiranso. Diso limodzi linatenga mafunde asanu.

Vuto linali langa. Ukatsinzina, nseru imabwera ndi mphamvu. Ndinamuuza kuti mwanawe, zinthu sizili bwino. Anasiya zonse, anatembenuzira mpando ku windo, anandiika kathawulo kozizira kumbuyo kwa khosi, n'kuyamba kundifunsa za Ntcheu. Ndinamuuza za kabichi ndi mbatata za ku Tsangano, za msika wa pa Lizulu pamene msewu ndiwo malire, mbali iyi Malawi mbali iyo Mozambique, za ngoma ya Angoni. Anati agogo ake ankaitchula Lizulu. Maso ake anafiira, ine nseru inatha. Wotsatira wanga, mzimayi wachizungu, anadikira mphindi khumi akuwerenga magazini, sanadandaule.

Lipisitiki anagwiritsa ntchito wanga wopendekeka uja, wopulumuka ku Tete, atazunguliza kaye milomo ndi pensulo. Anandipopera kamadzi koti zonse zigwire. Kenako, ndisanatchule n'komwe, anandilowetsa m'kachipinda ka mdima n'kundijambula ndi fulashi. Ndinaona mayi wakuda bwino, wooneka ngati wagona mokwanira ndipo alibe ngongole. Potuluka anandipatsa timapepala topyapyala. Thukuta likabwera, akuti, dindani, musapukute.

Duku ndinamanga ndekha. Pamenepo sindifuna thandizo la munthu.

Usikuwo masitepe a pakati pa sitima anadzaza masuti ndi madiresi onyezimira, ojambula ali pakona iliyonse ndi magetsi awo. Tinaima pa mzere wa kaputeni pafupifupi theka la ola, kugwirana chanza kwake masekondi atatu. Azimayi awiri a ku Pietermaritzburg anandiimitsa kufunsa kumene ndinagula diresi. Ndinati ku Nsungwi, ngati kuti ndi ku Paris. Patebulo mafoloko atatu, ndinkaonera Chisomo. Nsapato za ku Tsoka zinandiluma, ndinazivula pansi pa tebulo, ndipo sitima itapendekeka imodzi inapita kwa bambo wa tebulo linalo. Anaibweza ndi phazi osayang'ana pansi, munthu woleredwa bwino.

Ndinadinda thukuta kanayi. Pobwerera ku chipinda 11 koloko nkhope inali ikadali pamalo pake. Zochotsera tinaiwala kugula, sopo anakanika za m'maso zija. Chinachotsa ndi Vaseline.

Lachitatu, Portuguese Island

Sitima siifika pa gombe, imaima patali, amakutengani pa timaboti. Mchenga woyera, wotentha, madzi obiriwira, koma ine Likoma ndinamuona, sindinakomoke. Ndinakhala pamthunzi ndi chitenje changa, nkhope ili ndi mafuta ake a masiku onse. Ndinaviika mapazi, kutupa kwatsika.

Chithunzi cha kaputeni achipachika pakhoma pamodzi ndi mazana ena, mtengo wake madola 20. Ndinachiyang'ana kawiri n'kuchibwezera. Chisomo anabwerera yekha madzulo, ndinamva khadi ikulira.

Rutendo ndinamupeza akupukuta magalasi. Ndinamusiyira duku lina limene ndinanyamula lapadera ndi paketi ya tiyi wa ku Thyolo. Analandira ndi manja awiri, atapinda bondo.

Chisomo anagula intaneti ya tsiku limodzi, ndipo tinatumiza chithunzi kwa bambo ake madzulo omwewo. Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo, koma yankho linabwera 8 koloko usiku, mwina ankasaka magalasi awo.

"Awa ndawadziwa. Kuno mvula yagwa usiku wonse, mawa ndikudzala. Makiyi a stoo munaika pati?"

Ali m'chikwama changa, pano pa nyanja.